Mzere Wachiwiri

Pulofesa Tikaram Bastola ankati iwo amadziwa kuti nduna ya ku Tchaina yagwa, mwini wakeyo asanauze ngakhale mkazi wake. Ife a ku Kathmandu timamukonda munthu wodzitama bola azitiseketsa, choncho tinkangogwedeza mitu. Komatu nthawi zambiri ankalondola, ndipo ichi n'chimene chinkatipweteka.

Ntchito yawo inali kuwerenga nyuzipepala za ku Beijing, koma osati mmene timawerengera enafe. Iwo ankawerenga zimene nyuzipepalayo sinalembe. Dzina limene dzulo linali kumayambiriro lero likatsikira kumunsi, a Bastola ankaika chala pomwepo. Dziko limene chaka chatha linkatchedwa bwenzi la pamvula ndi padzuwa likangotchedwa bwenzi basi, ankadziwa kuti kwinakwake kwaipa. Pachithunzi sankataya nthawi ndi nkhope za anthu. Ankayang'ana amene waima pafupi ndi wamkulu, ndi amene wadulidwa phewa kumphepete.

"Musamvere zimene anena," ankatero kwa ophunzira awo, akugogoda tebulo ndi lumo. "Mverani zimene asiya kunena. Munthu wamkulu sauzidwa kuti watha. Zimangooneka."

Chipinda chawo chinali chapamwamba penipeni m'nyumba ya Bungwe Lofufuza za Kuseri kwa Mapiri, ku Lazimpat, nyumba yakale imene chivomerezi chinaing'amba khoma koma n'kuisiya chiimire. M'chipindamo munali makatoni mpaka kudenga, odzaza ndi timapepala timene anadula ndi lumo lija kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Akazi awo anamwalira kalekale. Ana anapita ku Australia, ndipo ankaimba foni pa chikondwerero cha Dashain pokha. Kunyumba kunali bedi ndi mphaka wa aneba. Moyo wonse wa a Bastola unali m'chipinda chapamwamba chija, ndipo chipindacho n'chimene tsopano chinali pachiswe.

Akuluakulu a bungwelo anali atagamula kuti nkhalamba ziwiri zachuluka. Mmodzi mwa awiriwa, a Bastola kapena a Purna Kharel, apite kwawo akapume, chipinda chake alowemo achinyamata a makompyuta. Kusankha wopitayo anakusiya m'manja mwa mkulu wa bungwe, ndipo aliyense ankadziwa kuti dzinalo lidzamveka pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa bungwelo, alendo a ku Chengdu, mzinda wa ku Tchaina, akadzabwera.

Mkulu wa bungweyo anali Dokotala Sarmila Tuladhar, ndipo a Bastola sankamuopa ngakhale pang'ono. Akanamuopa bwanji mwana amene anamuphunzitsa okha?

Sarmila anafika m'kalasi mwawo ali kamtsikana ka magalasi aakulu, mdzukulu wa amalonda amene ankapita ku Lhasa, kuseri kwa mapiri, ndi katundu pamisana ya abulu. Tsiku lina, pamaso pa ophunzira onse ndi alendo ochokera ku Delhi, a Bastola anamupatsa kachiganizo ka m'nyuzipepala kuti amasulire. Munali mawu anayi a Chitchaina: tui ju er xian. Sarmila anawawerenga modekha, n'kunena kuti mkulu wa chipani amene ankakambidwayo wasamukira pa mzere wachiwiri wa mipando, mwina chifukwa kutsogolo kunadzaza.

A Bastola anaseka chikhakhali mpaka kupukuta misozi ndi tayi.

"Mipando! Mwamumva? Akuti mipando! Nani, agogo ako ankagulitsa chiyani ku Lhasa, nzeru za banja lonse?"

Kenako anafotokoza, pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wogontha, kuti kubwerera ku mzere wachiwiri si nkhani ya mipando. Ndi mmene a Tchaina amamuchotsera munthu wamkulu pa ntchito popanda kumuvula ulemu poyera. Amamupatsa udindo wa dzina lalitali, koma ofesi alibe, womumvera alibe. Anafotokoza zambiri tsiku limenelo, chifukwa alendo ankaseka, ndipo a Bastola anthu akamaseka sankadziwa polekera. Sarmila anaima chilili kutsogoloko, choko chili m'manja, mpaka belu litalira.

Kuyambira pamenepo dzina lake linakhala Nani Mzere. Nani ndi mmene timaitanira kamwana kakakazi, ndipo a Bastola sanalisiye dzinali Sarmila atakwatiwa, sanalisiye atabwerako ku Beijing ndi digiri yoposa yawo. Ngakhale pa maliro a bambo ake, m'mbali mwa mtsinje utsi wowotcha mtembo ukukwera, anamugwira paphewa n'kunena mokweza kuti, "Limba mtima, Nani Mzere." Iwo ankati ndi nthabwala za mphunzitsi ndi mwana wake. Sarmila ankamwetulira nthawi zonse, ndipo nthawi zonse ankawatchula Guru, kutanthauza mphunzitsi wolemekezeka.

Chikondwerero cha bungwe chitayandikira, a Bastola anatsika makwerero n'kulowa mu ofesi ya Sarmila osagogoda.

"Nani Mzere, ndamva Meng akubwera."

Sarmila anaimirira monga mwa masiku onse, n'kuwakokera mpando. Pulofesa Meng anali katswiri wa ku Chengdu amene a Bastola anamwa naye tiyi m'misonkhano yambirimbiri.

"Akubweradi, Guru. Ndipo poyamba penipeni anafunsa za inu."

"Anati chiyani? Ndikufuna mawu ake enieni, osati ako."

"Anati, kodi bwenzi lathu lakale likadali pomwepo?"

A Bastola anatsinzina, n'kulawa mawuwo. Kwa a Tchaina pali bwenzi, pali bwenzi labwino, ndiye pamwamba pa onse pali bwenzi lakale. Iwo analembapo nkhani yaitali pa makwerero amenewa, ndipo tsopano anali ataima pamwamba pake.

"Nanga Kharel anamufunsa?"

"Sanawatchule, Guru."

Sanamutchule! Mtima wa a Bastola unadumpha ngati wa mnyamata. Anayesa kubisa chimwemwecho pokanda chibwano.

"Ndiye zija za nkhalamba ziwirizi, waganiza zotani?"

Sarmila anayang'ana pansi mwaulemu. "Guru, inu munatiphunzitsa kuti zinthu zotere sizinenedwa. Zimangooneka."

"Ehe! Kodi china chinalowamo m'kamutuko?"

"Chinalowa, Guru. Koma ndili ndi pempho. Mundibwereke kiyi wa chipinda chanu, anthu akasesemo. Tsiku limenelo kudzakhala maso ambiri."

A Bastola anachotsa kiyi pa lamba ndi manja awo n'kumuika patebulo. Anali akuona kale m'maganizo mwawo Meng ndi anzake ataima pakati pa makatoni, pakamwa pali yasa. Anamuchenjeza kuti wosesayo asakhudze katoni ya chaka chimene malire anatsekedwa, chifukwa pansi pake panafewa ndi chinyontho.

Tsiku loti mawa ndi chikondwerero, anthu a ganyu anamanga tenti pabwalo n'kundandalika mipando. A Bastola anatsika ngati akukapitidwa mphepo. Pa mpando uliwonse panali kapepala ka dzina. Lawo analipeza msanga: kutsogolo, pakati penipeni, pa mpando wa khushoni wokhala ndi poika mikono, pafupi ndi wa Pulofesa Meng. Kenako anayamba kusaka la mnzawo. Kutsogolo kunalibe. Analipeza kumbuyo, pa mpando wapulasitiki, kuseri kwa mzati wa tenti.

Kharel, mzere wachiwiri.

Apa munthu ukanafuna kuwagwira malaya n'kuwagwedeza kuti adzuke. Katswiri amene ankaona kugwa kwa anthu a kuseri kwa mapiri anaima pabwalo lake lomwe, akuwerenga mipando yapulasitiki, n'kumaseka yekha. Anaganiza kuti mwanayo wachita mwadala kuti iwo okha amve, ndipo pamenepo analondola. Anaganizanso kuti ndi mphatso.

Chimwemwe cha munthu woipa mtima sichikoma asanakachionetse kwa wogwayo. A Bastola anawoloka msewu, akuzemba njinga zamoto, n'kulowa m'kanyumba kogulitsa momo, timitanda ta ufa tokhala ndi nyama m'kati, mmene a Kharel ankadyera masana aliwonse.

A Purna Kharel anali munthu wofatsa, wamng'ono pang'ono kwa a Bastola. Kafukufuku wawo anali wa malonda a m'malire. Ankapita okha kumapiri kukaona malole akuwoloka mlatho, kucheza ndi madalaivala ndi amayi ogulitsa tiyi, n'kubwerako ndi chifuwa. A Bastola ankati imeneyo ndi ntchito ya wapolisi wa pamsewu. Akazi a a Kharel anafa ziwalo mbali imodzi zaka zapitazo, ndipo mwamuna wawo ndiye ankawasambitsa ndi kuwadyetsa m'mawa uliwonse asanabwere kuntchito. Zimenezi aliyense ankazidziwa, koma palibe ankazitchula.

"Khalani, dai," anatero a Kharel, akusuntha mbale. Ankawatchula dai, mkulu wanga, kuyambira kale.

"Idya, Purna, idya. Lero ndikulipirira ndine. Sauni, muwonjezereni mbale ina mnzangayu, ali pa ulendo!"

"Ulendo wanjinso, dai?"

"Wapitako ku tenti?"

"Ndadutsako."

"Waona pamene akuika?"

"Kuseri kwa mzati. Pali bwino, dzuwa silifika."

"Mzere wachiwiri, Purna! Mzere wachiwiri! Ndiye ukungotafuna momo ngati palibe chachitika. Ukuona kuipa kwake kotha moyo wonse ukuwerenga matayala a malole? Akukutsanzika pamaso pako, iwe n'kumati dzuwa silifika."

A Kharel anawayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta zala pa kapepala, n'kusendera pafupi.

"Dai, ndinali ndi mawu oti ndikuuzeni. Ndimati ndikwere kuchipinda kwanu madzulo ano."

"Kudzandipempha kuti ndikulankhulire kwa Nani Mzere? Usavutike, sindingatero. Komanso ukudandaula chiyani? Tsopano upeza nthawi yomusintha thewera mkazi wako ngakhale masana. Ntchito imeneyo ndiye umaitha. Mwina ndiyo kafukufuku wako weniweni, ulembe buku."

Sauni, mayi mwini malowo, anaima ndi mbale m'manja osaiika. A Kharel sanakweze mawu. Nkhope yawo inangotsekeka pang'onopang'ono, ndipo anabwerera pamene anakhala poyamba.

"Mawu aja, nena," anatero a Bastola, akutola momo m'mbale ya mnzawo n'kuviika m'tsabola.

"Ayi, dai. Atha ntchito." A Kharel anaimirira n'kutenga ambulera yawo. "Mawa mudzatchene. Mudzakhala pakati pa chithunzi."

A Bastola anatchenadi. Anavala jekete limene anasoketsa pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndi chipewa chatsopano. Atafika, achinyamata anawapatsa moni wa manja awiri, wina anawaveka nkhata ya maluwa, wina anawagwira mkono kuwatsogolera ku mpando wawo ngati sakanatha kuyenda okha. Tenti inadzaza, monga imadzazira misonkhano yathu yonse yokhala ndi chakudya chamasana.

Pulofesa Meng anabwera ndi ndodo. Anali atakalamba kwambiri, khosi likusambira m'kolala. Anagwira dzanja la a Bastola ndi manja onse awiri.

"Bwenzi lakale," anatero m'Chitchaina. "Nanunso tsopano? Musadandaule, zimazolowereka. Ine ndikuweta nsomba m'beseni. M'mawa ndimazidyetsa, madzulo ndimaziwerenga. Pakakhala ulendo ngati uno amanditenga, amandikhazika pabwino."

A Bastola anaseka pang'ono chabe. Nanunso? Anakhala pansi, ndipo mwa chizolowezi cha moyo wonse anayamba kuwerenga mzere umene anakhalapo. Kumanja kwawo kunali Meng ndi nsomba zake. Kupitirira apo, kazembe wina amene anapuma ntchito dziko lathu likadali ndi mfumu, ndipo anali atayamba kale kusinza. Kumanzere kunali mayi wamasiye wa amene anayambitsa bungweli, akufunsa mdzukulu wake kuti kuno ndi kuti. Mzere wonse unali wa imvi ndi maluwa, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wogwira cholembera.

Anatembenuka pang'ono. Kumbuyo, pa mipando yapulasitiki, kunakhala bambo wina wa ku Chengdu wazaka zapakati, amene a Bastola anamuyesa wonyamula chikwama cha Meng. Alendo ena onse ankamuyang'ana iyeyo asanalankhule. Ndipo bamboyo anali ataweramira kuseri kwa mzati, akunong'onezana ndi a Kharel, mapu a malire ali pamaondo pawo.

A Bastola anayang'ananso kutsogolo n'kupukuta thukuta pachipumi. Anadziuza kuti ndi kutentha kwa m'tenti.

Nyale ya mwambo itayatsidwa, Sarmila anakwera pansanja. Analankhula za bungwe mwachidule, za ubale wa maiko awiriwa mwachidule, kenako anatembenukira kwa a Bastola n'kuyamba kuwatamanda. Anati anali mzati wa nyumba ino. Anati anatiphunzitsa kuwerenga. Anati dzina lawo lidzakumbukiridwa. Anthu anawomba m'manja, koma a Bastola sankamva kuwombako. Ankamva mawu okha: anali, anatiphunzitsa, anagwira ntchito yaikulu pa nthawi yawo. Panalibe ngakhale kamodzi pamene anati ali, kapena akuchita, kapena chaka chamawa. Ankadikira mawu amodzi okha a lero, monga wodwala amadikirira dokotala kuti anene zoti abwerenso, koma sanabwere.

Kuchokera pa mpando wabwino uja, munthu ankaona bwinobwino nyumba yonse kudzera pa mpata wa tenti. Mwina n'chifukwa chake anauika pamenepo. Windo la chipinda chapamwamba linali lotsegula. Amuna awiri ankatsitsa katoni ndi chingwe, ndipo pansi panaima ngolo ya munthu wogula mapepala akale, amene amawagulitsa kwa okulungira mtedza. Ngoloyo inali itadzaza kale theka. Katoni yotsatira itafika pakati pa khoma, pansi pake panabooka. Inali ya chaka chimene malire anatsekedwa. Timapepala tinabalalika m'mwamba ngati nthenga pososola nkhuku, tina n'kugwera padenga la tenti, tina m'ngalande.

A Bastola anafuna kuimirira, koma Meng anawagwira bondo mokoma mtima. "Dikirani, akukuitanani tsopano."

"Choncho," anatero Sarmila, "bungwe lathu lapanga udindo watsopano umene sunakhalepo. Kuyambira lero, Pulofesa Tikaram Bastola ndi Mlangizi Wamkulu Wolemekezeka wa Moyo Wonse. Ndipempha a Kharel, amene azitsogolera kafukufuku wathu watsopano pamodzi ndi anzathu a ku Chengdu, kuti awafunditse nsalu ya ulemu."

Achinyamata awiri anawakweza pansanja. A Kharel anatuluka kuseri kwa mzati, nsalu yaubweya ili pamkono. Anaifunyulula mosafulumira, n'kuwafunditsa paphewa, n'kuikulunga bwino pakhosi, n'kuilowetsa m'khwapa kuti isagwe.

"Purna," a Bastola ananong'oneza. "Makatoni anga. Auze asiye."

"Dzulo ndimati tikawatsitse limodzi, dai, tikawasunge kwanga," a Kharel anayankha chapansipansi, akumwetulira wojambula. "Imani bwino, musagwedezeke. Kufunditsa anthu ndinakuzolowera kunyumba."

Zikanathera pamenepo, tikanati mkuluyu walandira zake, aliyense n'kupita kukadya. Koma Sarmila anali atadikira nthawi yaitali, ndipo munthu wodikira chotero sadya mofulumira.

Anatembenukira kwa alendo n'kulankhula nawo m'Chitchaina chosalala, chopanda pogwira. Chiganizo chinali chachifupi. Munali dzina la a Bastola, ndipo kumapeto kwake kunali mawu anayi aja: tui ju er xian. Alendo anagwedeza mitu mwaulemu. Kenako Sarmila anabwerera ku chilankhulo chathu, nkhope ili ngati ya mwana wamanyazi.

"Abale, mundikhululukire. Ndawauza alendowa mawu ena amene ine sindinathe kuwamasulira bwino chiyambire. Ambiri muno mukudziwa, ndi mawu amene anandipatsa dzina." Anthu anaseka, chifukwa ankalidziwadi dzinalo, ndipo ambiri analigwiritsapo ntchito iye kulibe. "Mwamwayi katswiri wake ali pompano. Guru, tithandizeni. Mawu amenewa amatanthauza chiyani?"

Anawapatsira maikolofoni ndi manja awiri.

A Bastola anaigwira. Inali yolemera, yofunda ndi dzanja la Sarmila. Anaona msampha wonse nthawi imodzi, ndipo kwa kanthawi kochepa, pansi pa mantha, anausirira mmene unatcheredwera. Akanatha kuseka n'kunena kuti ndi nkhani ya mipando, yoti wina wasamukira kumbuyo chifukwa kutsogolo kwadzaza. Anthu akanaseka nawo, iwo n'kutsika pansanja mutu uli m'mwamba. Koma Meng akanamva, ndi bambo wa mapu uja, ndi ophunzira awo onse akale amene anadzaza m'tentimo. Akanamva Tikaram Bastola akunena ndi pakamwa pake yankho lomwe lija la kamtsikana ka magalasi. Njira ina inali kunena zoona, ndipo zoonazo zinali za iwo eni.

Chipinda chinali chitapita. Makatoni anali pa ngolo. Chimene chinawatsalira padziko lonse chinali chakuti sanamasulirepo mawu molakwika, ndipo anaona kuti ngakhale tsopano sangathe kuchitaya. Anadzida chifukwa cha zimenezo.

"Amatanthauza kubwerera ku mzere wachiwiri," anatero. Mawu awo anatuluka aang'ono, koma zokuzira mawu zinawafikitsa mpaka kumsewu.

"Wa mipando, Guru?"

"Si wa mipando."

"Nanga ndi chiyani? Mutifotokozere pang'onopang'ono, enafe timachedwa kumva."

"Ndi pamene munthu wamkulu wachotsedwa pa ntchito." Anasendeza maikolofoni pakamwa. "Popanda kumuvula ulemu poyera."

"Amamupatsa chiyani?"

"Udindo."

"Wotani?"

"Wa dzina lalitali."

"Ofesi?"

"Alibe."

"Womumvera?"

A Bastola anayang'ana m'tentimo. Nkhope zonse ankazidziwa. Uyu anamutcha bulu pa mayeso, uyo anamung'ambira pepala pamaso pa chibwenzi chake, winayo anamuuza kuti abwerere kumudzi akawete njati. Onse anali akumwetulira, ndipo palibe amene anayang'ana pansi.

"Alibe," anatero.

"Tsiku lija munatiuzanso china, Guru. Ine ndinali nditaima ndi choko, ndiye ndinamva zonse. Munati pa zikondwerero munthu ameneyu amamukhazika pati?"

Kunja, munthu wa ngolo anaimba belu lake n'kuyamba kukankha. Kapepala kamodzi kanali katakakamira pa chingwe cha tenti, kakugwedezeka. A Bastola ankatha kudziwa ngakhale ali patali chotero kuti kanali ka tsamba loyamba, chifukwa cha kukula kwa zilembo.

"Kutsogolo," anatero.

"Kutsogolo pati?"

"Pakati."

"Chifukwa chiyani?"

"Kuti aliyense aone kuti sanamuchitire nkhanza."

Tenti yonse inawomba m'manja. Meng anawomba nawo, misozi ili m'maso, poganiza kuti ndi mwambo wokongola wa mphunzitsi ndi wophunzira wake. Kazembe uja anadzidzimuka kutulo n'kuyamba kuwomba osadziwa chimene chachitika.

Dokotala Tuladhar anadikira mpaka phokoso litatha. Kenako anatambasula dzanja, n'kulanda maikolofoni ija mofatsa m'zala za a Bastola.

"Mwakhoza," anatero. "Kakhaleni pansi."

Achinyamata aja anawatsitsa pansanja, nsalu ili chikulungire. Wojambula anapempha a mzere wakutsogolo kuti asasunthe, a kumbuyo aimirire. A Bastola anakhala pansi, pa mpando wabwino kuposa yonse, ndipo atauzidwa kuti amwetulire, anamwetulira.